Chikondi chikazilala, ukwati umaima pa chiyani?

Ndikamaphunzitsa achinyamata amene akukonzekera ukwati, ndimawafunsa ngati anamvapo m'busa kapena wansembe akufunsa mkwati kuti, "Kodi mtima umagunda ukamuona mkaziyu?" Amaseka. Pa guwa munthu amafunsidwa ngati wabwera mwa kufuna kwake, kenako amalonjeza kuti adzakonda mnzakeyo pa mtendere ndi pa mavuto mpaka imfa. Za mmene akumvera tsikulo palibe amafunsa, ndipo si kuiwala ayi. Akhristu akhala akukangana za nkhaniyi kwa zaka zoposa 1,500.

Ife timati "chikondi" kwa mayi, kwa Mulungu ndi kwa chibwenzi chomwe. Agiriki ankasiyanitsa. Chikondi chotentha chija, chosowetsa tulo, ankachitcha eros, ndipo liwu limeneli mulibe m'Chipangano Chatsopano chonse. Lodzaza m'menemo ndi agape, kufunira mnzako zabwino ngakhale asakubwezere kanthu. Nanga chotenthacho tichiike pati?

Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, analembapo cha mu 401. Pa nthawiyo mmonke wina dzina lake Jovinian ankati wokwatira ndi wodzisunga ngofanana pamaso pa Mulungu, ndipo Jerome, womasulira Baibulo m'Chilatini, anamuyankha mwaukali moti ukwati unaoneka ngati chonyansa. Augustine analowa pakati. Anati kudzisunga nkopambana, koma ukwati ngwabwino pa zifukwa zitatu: ana, kukhulupirika, ndi mfundo yosamasulika imene anaitcha sacramentum. Anavomerezanso kuti ukwati wa nkhalamba zopanda ana ngweniweni chifukwa cha kukhalirana kwawo. Koma chilakolako ankachiyang'ana ndi diso lokayika.

Sikuti munthuyu sankadziwa kukonda. Asanatembenuke mtima anakhala ndi mkazi wina zaka zoposa khumi, nabereka naye mwana, Adeodatus. Ali ku Milan, mkaziyo anabwezedwa ku Africa kuti Augustine apezeredwe mtsikana wa m'banja lolemekezeka. Iye mwini analemba kuti mtima wake unang'ambika mpaka kukha magazi. Dzina la mayiyo sanalilembe paliponse. Ine ndikamawerenga chiphunzitso chake ndimamva munthu wa bala losapola, ndipo ndimaona kuti mpingo unatengera mantha akewo kwa nthawi yaitali kuposa mmene zinayenera.

M'zaka za m'ma 1100 funso linasintha: kodi chimamanga ukwati nchiyani kwenikweni? Akatswiri a malamulo a ku Bologna ankati ukwati umakwanira awiriwo akagonana. Aphunzitsi a ku Paris, monga Peter Lombard, ankati umamangika ndi mawu ovomerezana. Papa Alexander III, amene analamulira kuyambira 1159 mpaka 1181, anagamula kuti kuvomera kwa awiriwo ndiko kumamanga ukwati. Chigamulochi chinalanda mphamvu makolo ndi eni chuma. Chinabweretsanso chisokonezo, poti anthu ankalonjezana kuseri, mawa wina nkukana. Nchifukwa chake msonkhano wa mabishopu a Katolika wa ku Trent mu 1563 unalamula kuti pakhale wansembe ndi mboni ziwiri, komabe unakana kunena kuti ukwati wopanda chilolezo cha makolo ngwachabe.

Kuno kwathu nzeru ya mboniyi tinali nayo kale. Ukwati wongolowana, wopanda ankhoswe, ukavuta umasowa wouweruza komanso wouchitira umboni. Koma ankhoswe ngakhale atagwirizana bwanji, sangayankhe "inde" m'malo mwa mtsikana.

Amene ndimamukonda pa nkhaniyi ndi Thomas Aquinas, wansembe ndi mphunzitsi wa zaumulungu amene anamwalira mu 1274. Iye anati pakati pa mwamuna ndi mkazi wake pali ubwenzi woposa wina uliwonse, chifukwa amagawana mphasa komanso moyo wonse wa pakhomo. Kuchokera pamenepo anatsutsa mitala, ponena kuti ubwenzi umafuna kulingana, ndipo akazi akachuluka aliyense amasanduka ngati wantchito. Anatinso nkulakwira mkazi kumusiya kukongola ndi kubereka zitatha. Munthu amene sanakwatirepo, koma anaona patali.

Martin Luther anakana kuti ukwati ndi sakramenti, koma anaukweza mwa njira ina. Mu 1522 analemba kuti bambo akamachapa matewera a mwana ndi chikhulupiriro, Mulungu ndi angelo ake amamwetulira. Patatha zaka zitatu anakwatira Katharina von Bora, amene kale anali sisitere.

Mkangano wa eros sunathe. M'zaka za m'ma 1930 Anders Nygren, mphunzitsi wa zaumulungu wa ku Sweden, anati eros ndi agape nzosiyana kotheratu: china chimafuna kulandira, china chimangopereka. Papa Benedict XVI mu 2005 anayankha kuti munthu sangamangopereka osalandira, ndipo eros safunika kuphedwa koma kuyeretsedwa kuti akhwime. Ine ndili mbali ya Benedict. Nyimbo ya Solomo ili m'Baibulo momwemo, ndipo siichita manyazi ndi thupi.

Tsono wina akandiuza kuti "chikondi chinatha", ndimayamba ndafunsa kuti chatha nchiti. Kutentha kwa mtima kumakwera nkutsika ngati madzi a mumtsinje, ndipo palibe angalumbire kuti adzakumva mawa. Chimene munthu angalonjeze ndi zochita: kunena zoona, kusabisa ndalama, kudwazika mnzake, kubwera kunyumba. Nthawi zambiri ndaona kuti zimenezi zikabwerera, kutentha kuja nakonso kumayamba kuyaka.

Pali malire amene alangizi ena amawalumpha ndi mawu akuti "banja ndi kupirira". Kupirira umphawi kapena matenda ndi nkhani ina, kumenyedwa ndi inanso. Ngakhale Mpingo wa Katolika, umene suvomereza kuthetsa ukwati wa sakramenti wokwanira, uli ndi lamulo nambala 1153 m'buku lake la malamulo la 1983. Limalola munthu kupatukana ndi mnzake amene akuika moyo wake kapena wa ana pa ngozi yaikulu, ndipo ngati kudikira kuli koopsa, akhoza kuchoka asanapemphe chilolezo kwa bishopu.