Dimba la pakhomo: ndiwo zopatsa thanzi, koma samalani ndi madzi othirira

Uthenga uwu ukupita kwa mabanja olankhula Chichewa a ku Mbare, Mufakose, Highfield, Mabvuku, Tafara, Dzivarasekwa, Epworth ndi madera ena a mu Harare. Agogo athu amene adabwera kuno kudzagwira ntchito sadasiye khasu kumudzi, n'chifukwa chake kuseri kwa nyumba zambiri kuli kabedi ka repu kapena kovo. Mwambo umenewu ndi wabwino ndipo tiusunge. Chimene chasintha ndi madzi ndi dothi la mumzinda uno. Dimba lomwe likudyetsa ana likhozanso kuwadwalitsa ngati sitiyang'ana chimene tikuthirira.

Ubwino wa masamba m'thupi

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya zipatso ndi ndiwo zamasamba zosachepera magalamu 400 patsiku. Kampukutu kamodzi ka repu kogula pamsika, kogawana anthu asanu ndi mmodzi, sikafika pamenepo. Apa m'pamene dimba limapulumutsa. Mumathyola m'mawa, mumathyolanso madzulo, osadikira tsiku la malipiro.

Masamba obiriwira kwambiri ali ndi vitamini A amene amathandiza maso ndi chitetezo cha thupi, ali ndi ayironi ndi foleti zothandiza kupanga magazi, komanso amafewetsa m'mimba kuti munthu asadzimbidwe. Ofunika kwambiri kuwadya ndi amayi oyembekezera, oyamwitsa, atsikana amene ayamba kusamba, okalamba ndi amene ali pa mankhwala a ma ARV. Mwana akakwana miyezi 6, muzimusinjira masamba ophika bwino n'kusakaniza m'phala lake, uku akupitiriza kuyamwa. Msuzi wokha si ndiwo, mwanayo adye masamba enieniwo. Amayi oyembekezera musasiye mapiritsi a magazi amene mwalandira kusikelo chifukwa choti muli ndi dimba. Ziwirizi zimayendera limodzi.

Pali kamtima kena kakuti ndiwo zakwathu n'zaumphawi. Kamtima kameneka katimana zambiri. Bonongwe, amene anzathu Achishona amati mowa, luni amene amati nyevhe, nkhwani womwe ndi muboora, mpiru womwe ndi tsunga, chisoso, kholowa ndi chitambe zili ndi michere yambiri kuposa kabichi woyera uja timamulemekeza pa ukwati. Zambiri mwa izo zimamera zokha mvula ikagwa ndipo sizivuta kusamala. Bonongwe akamera pabedi la tomato, musamuzule ngati udzu.

Kaphikidwe nako kali ndi mbali yake. Tsukani masamba musanawadule, osati mutadula kale. Madzi akhale ochepa, ndipo phikani mphindi zochepa kuti masamba atsike pamoto akadali obiriwira. Soda ndi chidulo zimafewetsa ndiwo msanga koma zimapha ena mwa mavitamini, choncho zisamakhale za tsiku lililonse. Tikudziwa kuti therere lopanda soda ena salimva kukoma, koma repu ndi nkhwani wanthete sizifuna soda n'komwe. Nsinjiro, chiponde kapena timafuta pang'ono zimathandiza thupi kutenga vitamini A. Tomato kapena madzi a ndimu amathandiza thupi kutenga ayironi, pamene tiyi womwera pamodzi ndi chakudya amatsekereza. Mchere uchepe, makamaka ngati pakhomo pali wodwala BP.

Nkhani yaikulu ndi madzi

Tonse tikudziwa mmene mipopi imaumira masiku angapo, ndi mmene mapaipi a suweji amaphulikira m'malokeshoni, zonyansa n'kumayenda m'ngalande mlungu wathunthu. Ena amapatutsa madzi amenewa n'kuwalowetsa m'mabedi. Masamba ake amakula mochititsa kaso, aakulu ngati makutu a njovu, chifukwa m'chimbudzi muli chakudya cha mbewu. Koma chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. M'madzi omwewo mumayenda tizilombo ta kolera, tayifodi, kamwazi ndi mazira a njoka zam'mimba. Mazirawa ndi olimba, amatha kukhala amoyo m'dothi miyezi yambiri, ngakhale zaka.

Mzinda uno udalawa kale kuwawa kwake. Kolera wa 2008 mpaka 2009 adadwalitsa anthu pafupifupi 100,000 m'dziko lonse la Zimbabwe ndi kupha oposa 4,000, ndipo Budiriro lidali limodzi mwa madera okhudzidwa kwambiri. Mu Seputembala 2018 adabukanso ku Glen View ndi Budiriro, ndipo mu 2023 adabweranso. Njira yake yaikulu ndi madzi akumwa ndi chakudya zimene zakhudzana ndi chimbudzi cha munthu. Dimba lothiriridwa suweji limatsegula khomo lina: wothirira amagwira madziwo ndi manja, mwana amasewera m'matope omwewo, kenako tomato, anyezi kapena kabichi zimadyedwa zosaphika.

Musathirire madzi a suweji, ngakhale ataoneka oyera atayenda kamtunda. Chimodzimodzi madzi a m'mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba. Mitsinje imeneyi imanyamula zonyansa za m'nyumba ndi za m'mafakitale popita ku Manyame ndi ku Lake Chivero. Mu zotayidwa za m'mafakitale mumatha kukhala zitsulo zapoizoni monga mtovu. Kusiyana kwake ndi kolera n'kwakuti tizilombo timafa ndiwo zikapsa, koma mtovu sufa ndi moto. Umalowa m'dothi ndi m'mbewu, n'kumaunjikana m'thupi pang'onopang'ono, ndipo umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete. Kumbukiraninso kuti lamulo la dziko lino limaletsa kulima pamtunda wosakwana mamita 30 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje.

Zitsime zosaya za pakhomo, zofala ku Epworth, Hopley ndi malo ena atsopano, nthawi zambiri zimayandikana ndi zimbudzi zokumba. Nyengo ya mvula madzi a pansi amakwera n'kusakanikirana. Ngati chitsime chotere ndicho chokha chimene muli nacho, thirirani patsinde osanyowetsa masamba, dzalani ndiwo zodya zophika zokhazokha, ndipo madzi ake musamwe musanawawiritse kapena kuthiramo mankhwala a kolorini. Ngakhale madzi a pamjigo si nthawi zonse amakhala abwino; m'miliri yapitayi mijigo ina ya mumzinda uno idapezeka ndi tizilombo.

Nanga tithirire chiyani poti madzi ndi osowa? Madzi amene mwatsukira masamba, mpunga kapena mbatata, otsukuluzira mbale ndi otsukuluzira zovala komaliza akhoza kupita kudimba. Athireni tsiku lomwelo, chifukwa akagona amanunkha ndipo tizilombo timaswana. Athireni pansi, patsinde. Madzi ochapira matewera, ochapira zovala za munthu wotsegula m'mimba, a mafuta ambiri kapena a jiki asapite kudimba. Madzi a mvula ochokera padenga ndi abwino kuthirira; lolani mvula yoyamba itsuke kaye fumbi la pamalata. Mgolo uliwonse wosungira madzi ukhale ndi chivundikiro cholimba. Mwana wongoyamba kuyenda amatha kumira ngakhale mu ndowa.

Kuti madzi ochepa akwanire, phimbirani mabedi ndi udzu wouma kapena masamba ogwa m'mitengo, ndipo thirirani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Mabedi awiri osamalidwa bwino amaposa asanu ofota. Amene mukuchita lendi ndipo mulibe malo, dzazani dothi ndi manyowa m'thumba, boolani m'mbali, dzalani kovo kapena repu m'mabowomo. Thumba limodzi kapena awiri pafupi ndi khomo amamwa madzi ochepa, ndipo tsiku losamuka mumanyamula dimba lanu. Thumbalo lisakhale lomwe mudali mankhwala ophera tizilombo.

Dothi ndi manyowa

Musalime pamalo pomwe padali dzala la zinyalala, potenthera mapulasitiki ndi matayala, pophwanyira mabatire, kapena pokonzera magalimoto pomwe oyilo adatayikira. Pewaninso m'mphepete mwenimweni mwa msewu waukulu. Pamalo pomwe suweji idasefukira, chotsani mbewu zimene zakhudzidwa, musadye.

Zitosi za nkhuku ndi ndowe ndi manyowa amphamvu, koma zaziwisi zimawotcha mbewu komanso zimanyamula tizilombo totsegula m'mimba. Ziunjikeni pamodzi ndi udzu, makoko ndi zotsalira za kukhitchini, muzizitembenuza, zikhale miyezi itatu kapena kuposa mpaka zitada, zitazizira ndi kununkhira ngati dothi la m'nkhalango. Chimbudzi cha munthu, cha galu ndi cha mphaka chisalowe pamuluwo. Mukadzitema ndi khasu kapena kubayidwa ndi msomali m'dimba, tsukani bala ndi madzi ndi sopo, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukafunse za katemera wa kafumbata, chifukwa tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe.

Mankhwala opopera

Nsabwe za m'masamba ndi mbozi zimavutitsa repu ndi kovo, makamaka kukayamba kutentha mu Seputembala ndi Okutobala. Dimba la pakhomo ndi laling'ono moti manja amakwanira. Yenderani mabedi m'mawa, tembenuzani masamba, phwanyani mbozi ndi mazira ake, thyolani masamba odzaza nsabwe n'kuwakwirira. Madzi osungunuliramo kachidutswa ka sopo wochapira amapha nsabwe mukawaza kunsi kwa masamba. Musabwereze mbewu za mtundu umodzi pabedi lomwelo chaka ndi chaka. Pomwe padali repu ikanipo nyemba kapena anyezi.

Mukaganiza zogula mankhwala, gulani a m'botolo lake lenileni lokhala ndi malangizo. Muno mu Zimbabwe mabotolo amenewa amakhala ndi chizindikiro cha makona atatu. Chobiriwira chimasonyeza kuti poizoni wake ndi wocheperapo, kenako chachikasu, chofiira, mpaka chapepo chomwe ndi choopsa kwambiri. Kudimba la kuseri kwa nyumba, komwe ana ndi nkhuku amayendako, ofiira ndi apepo alibe malo. Timankhwala togulitsidwa m'misewu m'timapepala ndi m'timabotolo topanda dzina musagule, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti ndi amphamvu. Mankhwala a thonje, a fodya kapena osambitsira ng'ombe si a ndiwo.

Pabotolo pamalembedwa masiku oyenera kudikira kuchokera tsiku lopopera kufika tsiku lothyola. Awerengeni ndi kuwasunga. Cholakwa chofala ndi kupopera Lachisanu n'kuthyola Loweruka chifukwa kwabwera alendo. Kutsuka sikuchotsa mankhwala onse. Popopera valani malaya a manja aatali, tsekani pakamwa ndi mphuno, musapopere kukuwomba mphepo, ndipo mukamaliza sambani. Mayi woyembekezera ndi ana asapopere. Musasunge mankhwala m'botolo la zakumwa; ana ambiri amene amamwa poizoni amakhala akuyesa ndi chakumwa.

Munthu akayamba kutuluka dovu ndi thukuta lambiri, kusanza, kunjenjemera, kuona mwachimbuuzi kapena kubanika atagwira kapena kumwa mankhwalawa, muvuleni zovala zonyowa ndi mankhwala, mutsukeni khungu ndi madzi ndi sopo, ndipo thamangirani naye kuchipatala mutatenga botololo. Musamusanzitse ndipo musamumwetse mkaka kapena mafuta.

Kudzala motsata nyengo

Harare ali pamtunda, ndipo mu Juni ndi Julayi chisanu chimawaula tomato ndi nkhwani, makamaka m'malo otsika a m'madambo. Miyezi yozizira, kuyambira Epulo mpaka Ogasiti, ndi ya repu, kovo, mpiru, kabichi, anyezi, karoti ndi nsawawa. Mvula ikayamba mu Novembala ndi nthawi ya maungu, bonongwe, luni, khobwe ndi therere. Mukapeza mbewu ya mbatata yofiira m'kati, dzalani. Ili ndi vitamini A wambiri ndipo kholowa wake ndi ndiwo.

Ndiwo zikachuluka mu Febuluwale ndi Malichi, futsani. Mfutso, umene kuno amati mufushwa, ndiwo umagwira banja mu Okutobala madzi atasowa. Viikani masamba m'madzi owira kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, yanikani pathandala kapena palichero pamthunzi podutsa mphepo, osati pansi pomwe pamayenda nkhuku ndi agalu. Dzuwa lamphamvu limawononga vitamini A. Ukauma gwa, sungani m'chigubu chotseka bwino. Wochita nkhungu tayani.

Kuchoka kudimba kufika m'mbale

Sambani m'manja ndi sopo pamadzi oyenda mukachoka kudimba, musanaphike ndi musanadye. Posamba pa nsima, wina azithirira mnzake. Beseni limodzi la banja lonse limagawa matenda. Masamba, kaya ndi a m'dimba lanu kaya mwagula ku Mbare Musika, atsukeni ndi madzi abwino omwe mungamwe. Ogula simudziwa chimene adathirira, choncho aphikeni apse ndipo adyedwe akadali otentha. Kukamveka kuti kwabuka kolera kapena tayifodi m'dera lanu, siyani kaye saladi ndi zina zosaphika, kupatula zipatso zosenda nokha.

Wina akayamba kutsegula m'mimba kwa madzimadzi, makamaka ooneka ngati madzi otsukira mpunga, musadikire kuti kuche. Kolera amatha kupha munthu wamkulu m'maola ochepa chifukwa chotha madzi m'thupi. Yambani pomwepo kumumwetsa ORS, madzi a shuga ndi mchere obwezeretsa madzi m'thupi. Ngati mulibe paketi, sungunulani masupuni aang'ono 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuzizira. Azimwa pang'onopang'ono njira yonse yopita kukiliniki yapafupi, ndipo mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Kutentha thupi kwa masiku atatu kapena kuposa, mutu ndi kupweteka m'mimba zikhoza kukhala tayifodi. Mukayezetse m'malo mogula mapiritsi pamsika. Mukafika kuchipatala, auzeni anamwino kumene mumatunga madzi akumwa ndi madzi amene mumathirira dimba.