Lamulo la 1929 likumangitsabe anthu ku America

Kwatsala pang'ono kuti lamulo lomanga munthu amene wabwerera ku America atadipotedwa likwanitse zaka 100, ndiye ine ndinafuna kudziwa kuti linachokera kuti, chifukwa milandu ya lamuloli, limene lero limatchedwa Section 1326, ndi imodzi mwa imene imadzaza kwambiri makhoti a boma lalikulu (federal), ndipo omangidwa pafupifupi onse ndi a ku Mexico ndi maiko ena a Latin America.

Nkhani yonse ili pa 1929. Mu 1924 Congress, nyumba ya malamulo ya ku America, inachepetsa anthu ochokera kum'mwera ndi kum'mawa kwa Ulaya, a ku Asia inawatsekera khomo, koma a ku Mexico sinawaikire malire poti eni minda ku California ndi Texas ankafuna aganyu otchipa okolola thonje ndi zipatso. Anthu osankhana mitundu zinawanyasa, eni minda nawo osagonja. Amene anawagwirizanitsa ndi senata Coleman Livingston Blease wa ku South Carolina, munthu amene ankaikira kumbuyo poyera zopha anthu akuda popanda kuwazenga mlandu. Iyeyo ndi nduna ya zantchito James Davis anati musawaletse kubwera, koma wodutsa malo osavomerezeka akhale chigawenga. Kulowa mozemba kunakhala mlandu wa chaka chimodzi, kubwerera utathamangitsidwa zaka ziwiri, ndipo pulezidenti Calvin Coolidge anasaina pa 4 March 1929, tsiku lake lomaliza pa mpando. Mwini munda wapeza antchito nthawi yokolola, ikatha boma lili ndi chikwapu chowachotsera.

Mu 1952 lamuloli linalowetsedwa mu McCarran-Walter Act, lamulo lalikulu la anthu olowa m'dziko, pulezidenti Truman anakana kusaina koma Congress inamugonjetsa. Kenako mu 1988 ndi 1994 anawonjezera zilango, moti lero ndi zaka ziwiri, 10 ngati unapalamulapo mlandu waukulu, 20 ngati unali mlandu woopsa kwambiri umene amautcha aggravated felony.

Ndiye kunabwera mlandu wa Gustavo Carrillo-Lopez ku Nevada, amene anaimbidwa mlandu wobwerera atadipotedwa. Maloya ake sanakangane zoti anabwerera kapena ayi, anati lamulo lenilenilo linabadwa ndi tsankho, ndipo anaitana katswiri wa mbiri Kelly Lytle Hernández kudzafotokoza zimene aphungu a m'ma 1920 ankayankhula za anthu a ku Mexico. Mu August 2021 jaji Miranda Du anavomereza nkuthetsa mlanduwo. Boma linachita apilo, ndipo mu May 2023 khoti la apilo la Ninth Circuit, chigamulo cholembedwa ndi jaji Sandra Ikuta, linagwetsa zonse. Khoti lina la apilo, Fifth Circuit, linali litakana kale mfundo yomweyi mu 2022, ndipo Supreme Court sinalole kumva nkhaniyi.

Mfundo ya khoti la apilo ndi yoti munthuyo akuimbidwa mlandu ndi lamulo la 1952, osati la 1929, ndiye tsankho la aphungu akale sungawasenzetse aphungu atsopano. Kunena zoona mfundoyi siyopanda mutu, komanso zoti omangidwa ambiri ndi a ku Mexico khoti linati ndi chifukwa cha malire aatali amene maiko awiriwa ali nawo. Vuto ndi loti zolemba za 1952 zili pafupifupi chete pa gawo limeneli, aphungu sanalikambirane kwenikweni. Pali kalata ya Peyton Ford, wachiwiri kwa Attorney General, imene inagwiritsa ntchito mawu onyoza anthu a ku Mexico akuti wetback, Du anaiwerengera ngati umboni, Ikuta anati kalata ya mkulu mmodzi siyikuuza maganizo a Congress yonse. Kukhala chete komweko aliyense anakuwerenga mwake, wina akuti sanaganize za mtundu, wina akuti anangotengera zakale osafunsa komwe zinachokera. Ine ndimavutika kukhulupirira kuti chinthu chimayera chifukwa choti wachikopera pa pepala lina, koma majaji a apilo amafuna umboni wa chaka chomwecho, ndipo anati umene ulipo ndi wosakwanira.

Pa chilango napo pali kanthu. Mu 1998, pa mlandu wa Almendarez-Torres, Supreme Court inagamula 5 kwa 4 kuti mlandu wakale wa munthu sufunika kutsimikiziridwa pamaso pa jury (gulu la anthu wamba oweruza mlandu), jaji yekha atha kuugwiritsa ntchito kukweza malire a chilango kuchoka pa zaka ziwiri kufika 20. Jaji Clarence Thomas, amene anali mbali ya asanuwo, anadzanena yekha kuti analakwitsa, koma chigamulocho chikugwirabe ntchito.