Uthenga woletsa Facebook kutenga zithunzi zanu ndi wabodza

Uthengawu wabweranso m'magulu a WhatsApp a ku Chinamwali ndi Matawale, ndipo ophunzira ena a ku Chanco akuumata pamasamba awo. Umati kuyambira mawa Facebook itenga zithunzi zanu zonse, pokhapokha mulembe kuti "sindikuloleza". Abale, limeneli ndi bodza, ndipo lakhala likuzungulira kuyambira cha m'ma 2012.

Mgwirizano wanu ndi kampani ya Meta, yomwe ndi mwini wake wa Facebook, unachitika tsiku limene munatsegula akaunti n'kudina kuti mwavomereza malamulo ake, ambirife osawerenga n'komwe. Malamulowo amati chithunzi n'chanube, koma mwapatsa kampaniyo chilolezo chochisunga, kuchikopera ndi kuchionetsa kwa anthu amene mwasankha. Popanda chilolezo chimenecho, chithunzi cha chinkhoswe chanu sichikanafika pa foni ya azakhali ku Johannesburg. Mbali imodzi singasinthe mgwirizano polemba mawu patsamba lake, monganso wochita lendi sangatsitse mtengo wa nyumba pomata pepala pachitseko.

Chimene chimandiwawa n'chakuti munthu akamata uthengawu mtima umakhala m'malo, pomwe zithunzi za ana ake atavala yunifolomu ya sukulu zikuoneka kwa aliyense. Lowani mu Settings, musankhe kuti anzanu okha ndiwo aziona. Chithunzi chimene simukuchifunanso chifufuteni. Chilolezo chija chimatha chithunzicho chikachotsedwa m'makompyuta a kampaniyo, koma amene anachisunga kale pa foni yake amakhala nachobe.

Kuno kwathu kulinso lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu, ndipo bungwe loona za mawayilesi ndi mafoni la MACRA ndilo limaliyang'anira.