Kujambula zisakasa za zidole popanda kuwononga chithunzi kapena sewero

Chisakasa cha zidole chimavuta kujambula pa chifukwa chimodzi: kunja kukuwala, m'kati muli mdima. Ndi mitengo kapena mapaipi anayi okutidwa ndi nsalu, otalika pafupifupi mamita 2, kumtunda kuli zenera lokhala ndi thabwa lopingasa pomwe zidole zimasewerera. Cha nsalu ya mizere yofiira ndi yoyera ndi cha sewero la zidole la Punch and Judy la ku England, lomwe linaonetsedwa ku London kale mu 1662, koma vuto la kuwala ndi lomwelo ngakhale chisakasacho chikhale cha chitenje.

Kuno ku Harare tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 ndipo dzuwa lake silinyengerera. Mukatenga chisakasa chonse, kamera imayeza kuwala kwa nsalu yakunja, zidole n'kungoda bii. Mukakoka chithunzi mpaka pazenera, imayeza nsalu yakuda yakumbuyo n'kuwonjezera kuwala, nkhope ya chidole n'kuyera mbee, utoto wa maso ndi milomo osaonekanso. Mankhwala ake ndi amodzi: yezerani pankhope ya chidole. Pa foni, dinani pankhopepo osachotsa chala mpaka foni itseke fokasi ndi kuwala, kenako tsitsani pang'ono kachizindikiro ka dzuwa komwe kamatulukira pafonipo. Chithunzi chodera chimakonzeka kunyumba, koma pomwe payera mbee palibenso chobweza.

Pa kamera, yambirani pa 1/500 (liwiro lojambulira), f/4 (kutseguka kwa lenzi) ndi ISO 400 (mphamvu yokolera kuwala). Chidole chovala kudzanja chimatembenuka msanga kuposa munthu, ndipo pa 1/125 mutu umatuluka wosaoneka bwino. Kukayamba kuda kwezani ISO mpaka 1600, liwirolo lisiyeni. Zithunzi zabwino zimapezeka pomwe chidole chaima kaye kudikira kuti ana ayankhe.

Poima m'pofunika kuposa mtengo wa kamera. Mukayandikira kwambiri mumajambula chokweza, thabwa lija n'kubisa theka la chidole. Bwererani mamita 4 kapena 5, chakumbali pang'ono, ndi lenzi ya 85mm kapena 2x ya pa foni. Kutsogolo ndi kwa ana okhala pansi, musawatchinge. Kumbukiraninso kuti m'miyezi yozizira, Juni ndi Julayi, dzuwa la kuno limadutsa chakumpoto. Chisakasa choyang'ana kumwera ndiye kuti dzuwa lili kumbuyo kwake, likukuthobwani m'maso. Tchingani lenzi ndi dzanja. Pansi pa mitengo ya ku Harare Gardens kapena Africa Unity Square vuto ndi mthunzi wamawangamawanga, ndipo apo n'kwabwino kudikira mtambo.

Fulashi ayi. Oseweretsa ena amaona anthu kudzera pansalu yopyapyala yakumbuyo, ndiye mukawalitsa mwamuthobwa munthu amene manja ake onse ali m'mwamba.

Zisakasa zenizenizo zijambuleni sewero lisanayambe, anthu asanadzaze: chonse kuchokera kutsogolo, foni ili chilili kuti mitengo isaoneke yopendama, kenako zing'onozing'ono monga msoko wa nsalu, zilembo zolembedwa pamanja ndi zingwe zomangira kuti mphepo ya mu Ogasiti isachigwetse. Kumbuyo, komwe zidole zimapachikidwa chadodolido kuti dzanja lilowe msanga, n'kosangalatsa kwambiri, koma ndi kuntchito kwa mwini wake. Sewero likatha mufikeni: "Zikomo bambo, tingajambuleko kuseriku?" Akakana, zathera pomwepo. Akalola, osagwira chidole. Chipewa chikamazungulira ponyanimo dola, chifukwa ndiwo malipiro ake. Nkhope za ana zimakoma pachithunzi, koma pemphani makolo musanaziike pa Facebook. Kujambulira kumbuyo kwawo, mitu yawo ili m'munsi mwa chithunzi, kumathetsa nkhaniyo.

Enafe a m'madera a Mbare, Mufakose ndi Mabvuku muno mu Harare tikudziwa kale, koma ana obadwira kuno ndi alendo amasokoneza: Gule Wamkulu akatulukira pomwe mukujambula, si zidole. UNESCO inamulemekeza mu 2005, ndipo ali ndi eni ake ndi malamulo ake. Musamutsate kokavalira, ndipo funsani akuluakulu a gule musanakweze foni. M'tauni pewaninso kuti asilikali, apolisi kapena State House zilowe m'chithunzi chanu.