Feteleza si nthaka, abale

Chaka chilichonse mvula ikayandikira funso ndi lomwelo, "alangizi, feteleza wotsika mtengo afika liti?" Za dothi palibe amandifunsa. Ine zandikwana. Chiyambireni ndondomeko za boma za feteleza wotsika mtengo, FISP mu 2005, kenako AIP mu 2020, tikamakamba zodyetsa dziko mtsogolo muno timangowerenga matumba a NPK ndi urea basi, ngati thumbalo ndiye munda.

Feteleza amadyetsa chimanga cha chaka chomwecho, sakonza nthaka. Dothi lopanda manyowa silisunga madzi, ikabwera mvula yamkuntho ngati ya namondwe Freddy mu 2023 limakokoloka pamodzi ndi feteleza wanuyo kukathera mu Shire, ikadula ngati mu 2024 limauma gwa masiku ochepa okha.

Pali bambo wina amene nkhani yake imandiwawabe. Munda wawo uli pamtsetse, chaka ndi chaka amatentha mapesi pofuna mbewa. Ndinawauza kangapo konse kuti bambo mapesiwa azigona m'munda, bzalani nandolo pakati pa chimanga, ndipo msangu uwo musaudule chifukwa umayoyola masamba nthawi ya dzinja ndiye suphimba mbewu, masambawo ndi chakudya cha nthaka. Anaudula nkuotcha makala. Chaka chotsatira ndinapisa dzanja mumzere, mchenga wokhawokha, nyongolotsi olo imodzi osaiona. Chimanga chachikasu chofika m'chiuno. Iwo akuti feteleza wa masiku ano ndi wopanda mphamvu.

Ndiye apa mpamene akamberembere amadyerapo. Bambo aja anakagula feteleza wa pambale pamsika, wosakaniza ndi mchenga, kuphatikiza "mbewu" yomwe ndi chimanga cha m'nkhokwe chongopaka utoto. Chonde gulani kwa ogulitsa ovomerezeka, thumba likhale losatsegula, lisiti mutenge. Uyo wobwera ndi madzi a m'botolo lopanda dzina nkumati akalowa m'malo mwa feteleza yense, muthaweni.

Komanso kuchedwa uku. Manyowa sapangidwa mu Novembala mabingu atayamba, dzenje la kompositi muyambe mukangokolola, chifukwa nthaka yoguga imatenga zaka kuti ibwerere mwakale. A ku Capital Hill nawo pokwaniritsa masomphenya a chitukuko a Malawi 2063 aikemo ndalama ya mbewu ya nandolo, mapira ndi chinangwa, ndi njinga za alangizi zoti zikuyendadi.

Bambo aja chaka chino munda wa pamtsetse ausiya, abwereka wina m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, bango adula kale.