Ndalama za chipukuta misozi pa mankhwala a opioid ku America: akuziyang'anira ndani?

Opioid ndi gulu la mankhwala amphamvu opha ululu, monga morphine, oxycodone ndi fentanyl. Heroin alinso m'gulu lomweli. Amathandiza kwambiri odwala khansa ndi amene achitidwa opaleshoni, koma thupi limawazolowera msanga. Munthu akati asiye amatuluka thukuta, amasanza, thupi limaphwanya, tulo osabwera, mpaka amabwerera kwa mankhwala aja. Amenewa ndi matenda, ndipo chithandizo chake chilipo kuchipatala.

Ku America vutoli linakula kuyambira mu 1996, pamene kampani ya Purdue Pharma inayamba kugulitsa OxyContin, mapiritsi a oxycodone, n'kumauza madokotala kuti chiopsezo chowazolowera n'chochepa. Mu 2022 anthu oposa 100,000 anamwalira m'dzikolo atamwa kapena kubaya mankhwala mopitirira muyezo, ambiri chifukwa cha fentanyl.

Maboma a zigawo ndi makhonsolo anakasumira makampani opanga ndi ogulitsa mankhwalawa. Mu 2021 makampani atatu ogawa mankhwala, McKesson, Cardinal Health ndi AmerisourceBergen, pamodzi ndi Johnson & Johnson, anavomera kulipira madola 26 biliyoni. Atatuwo akulipira pang'onopang'ono kwa zaka 18. Masitolo akuluakulu ogulitsa mankhwala a CVS, Walgreens ndi Walmart nawonso anadzavomera kulipira, ndipo zonse pamodzi zikupitirira madola 50 biliyoni.

Mgwirizano wa 2021 unanena kuti pa madola 100 alionse, osachepera 85 agwire ntchito yothana ndi mliriwu. Lamuloli lili ndi chifukwa chake. Mu 1998 makampani a fodya anavomera kulipira zigawo 46 madola 206 biliyoni, koma ndalama zochepa zedi ndi zimene zinapita ku ntchito yothandiza anthu kusiya kusuta. Zambiri zinangothera m'thumba la boma. Mabanja amene anaika ana awo m'manda sangalole kuti zoterezi zichitikenso.

Vuto n'lakuti boma lalikulu ku Washington siliyang'anira ndalamazi. Chigawo chilichonse chili ndi njira yake. Ku North Carolina, 85 pa 100 zimapita kumakhonsolo, ndipo aliyense angathe kuona pa intaneti zimene khonsolo yake yalandira ndi kumene zapita. Ku West Virginia, komwe mliriwu unapha anthu kwambiri, gawo lalikulu limasungidwa ndi bungwe la West Virginia First Foundation. Kwina malipoti satuluka mokwanira, ndipo atolankhani a KFF Health News anapeza makhonsolo ena atagula magalimoto ndi zipangizo za apolisi. N'zomvetsa chisoni, chifukwa zimene zimapulumutsa moyo n'zodziwika kale: mankhwala a methadone ndi buprenorphine amene amathetsa chibaba n'kuchepetsa imfa, chithandizo kwa amayi oyembekezera ndi kwa omwe angotuluka kundende, komanso naloxone, mankhwala otsitsimutsa munthu amene opioid amupitirira, wofika m'manja mwa anthu wamba. Ngati mukukhala ku America, funsani khonsolo yanu kuti yalandira zingati, akugawa ndani, ndiponso ngati pakomiti yogawa ndalamazo pali munthu amene anadutsa m'vutoli kapena wachibale wake. Misonkhano yambiri ya makhonsolo imalola aliyense kulowa ndi kuyankhulapo.

Dziwaninso zizindikiro za munthu amene mankhwala amupitirira. Sadzuka ngakhale mumugwedeze kapena kumuitana mokweza. Amapuma pang'onopang'ono kapena kulira mkonono wachilendo, milomo ndi zikhadabo zimatuwa, kamwana ka m'diso kamachepa ngati nsonga ya singano. Musamusiye kuti agone, chifukwa opioid amaletsa kupuma.

Imbani 911, nambala ya zangozi ku America, nthawi yomweyo. Mupopereni naloxone m'mphuno imodzi. Akapanda kutsitsimuka pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu, poperani wina m'mphuno inayo. Mugonekeni cham'mbali kuti asatsamwe ndi masanzi, ndipo khalani naye mpaka ambulansi ifike, popeza naloxone amatha mphamvu pakati pa mphindi 30 ndi 90 ndipo munthuyo angakomokenso. Kuyambira mu 2023, naloxone wa Narcan amagulidwa popanda kalata ya dokotala, ndipo maofesi ambiri a zaumoyo amamugawa kwaulere.

Wofuna chithandizo chosiyira mankhwalawa, iye mwini kapena wachibale, aimbe nambala yaulere ya SAMHSA, bungwe la boma la America loona za mankhwala ozunguza bongo ndi matenda a maganizo, 1-800-662-4357. Imayankhidwa usana ndi usiku, ndipo amasunga chinsinsi.