Mfuti ikayamba kugwedera musapite nayo kwa wowotcherera

Sabata ino ndamvanso mawu omwe aja kwa wina wobwera kudzakonzetsa mfuti kwa ine, "tangomangitsani pang'ono bwana, ndi kasikuluwu chabe." Ayi ndithu. Shotigani ya mipope iwiri yopangidwa ndi manja ku London kapena kuno ku Birmingham ikayamba kugwedera pamene mipope imakumana ndi thupi lake lachitsulo, palibe sikuluwu yoti mumange apo, ndiye kuti zitsulo zadyana, ndipo katiriji iliyonse yomwe mukuomba ili choncho kampata kaja kakungokulirakulira.

Chomwe anthu safuna kumva nchoti mfutizi zilibe sipeya. Ku Purdey, kampani yomwe inayamba 1814, kapena kwa Holland & Holland ya 1835, mfuti imodzi imadutsa m'manja mwa amisiri angapo, wa mipope payekha, wa thupi payekha, wosema thabwa la walnut, wogoba maluwa pachitsulo, ndipo mpaka ithe papita chaka ndi theka mwinanso ziwiri. Pokumanitsa zitsulo timadetsa mbali imodzi ndi mwaye wa kanyali kokhala ngati koloboyi, kutseka, kutsegula, kuona pomwe mwaye wadinda, kupala ndi tupa pang'onong'ono, kudetsanso, choncho masiku ndi masiku mpaka ngakhale tsitsi lisalowe. Ndiye chitsulo cha mfuti ina, olo ya kampani yomweyo chaka chomwecho, sichingakwanemo.

Pali bambo ena achikulire omwe mpaka lero ndikawakumbukira mtima umandiwawa. Anabwera ndi shotigani ya agogo awo ya mtundu wa boxlock, ya kapangidwe ka Anson ndi Deeley kamene kanatuluka ku kampani ya Westley Richards mu 1875, mfuti yopepuka yokhala bwino paphewa. Kugwederako anakuona zaka zitatu m'mbuyomo koma amvekere bola ikulira. Zitanyanya anapita nayo kwa mkulu wina wa kagalaja, amene amakonza chilichonse kuyambira geti mpaka thilakitala, iye nkutenga hamala ndi panchi kukhoma chitsulo chokolera mipope kuti chifutukuke. Inalimba inde, kwa miyezi iwiri. Sanalekere pomwepo, poti mipope inali itatuwa anaiviika m'mankhwala otentha odetsera zitsulo, omwe amaviikamo mfuti wamba za mpope umodzi. Koma mipope iwiriyi pamodzi ndi kachitsulo kapamwamba kaja timati rib amazimata ndi solder yofewa, chitsulo chosungunula chomatira, mankhwala aja amadya solderyo nkubisala mkati, kumadya chitsulo mwakachetechete mwini wake akusangalala kuti mfuti yada bwino.

Nditaikoleka mipope ija ndikuigogoda ndi chala, m'malo molira ngati belu inangoti phu. Titatukula rib tinapeza dzimbiri lakumba maenje, malo ena khoma la mpope silimakwana ndi theka la milimita lomwe. Kuika mipope yatsopano kukanadya ndalama zoposa mtengo wa mfutiyo. Anakhala chete kanthawi kenaka anandifunsa, "Kodi ndikanabwera poyamba paja?" Ndinawauza chilungamo, ikanangofuna pini yatsopano ya pa hinji yokwanitsidwa ndi manja, ndi kudetsa mipope mwa chikale, kuichititsa dzimbiri pang'onopang'ono nkumaiwiritsa m'madzi, ntchito ya masabata ochepa. Pano ili pakhoma kunyumba kwawo, yongoonera.

Chinanso chomwe ndatopa kubwereza ndi nkhani ya makatiriji. Mfuti zambiri zakale za ku England chemba yake, malo olowamo katiriji, ndi yotalika 65mm, pomwe makatiriji ambiri ogulitsidwa masiku ano ndi a 70mm. "Koma ikulowa bwinobwino." Eya ikulowa, chifukwa kukamwa kwake nkopinda, ikaphulika mpamene imatambasuka ndipo malo otambasukirawo palibe, mphamvu ya onga nkukwera mu mpope woti wakalamba kale. Chotsani mipope muone kunsi kwake, pali zidindo za Proof House, nyumba yoyesera kulimba kwa mfuti, ya ku London kapena ya Birmingham yomwe yakhala ikuyesa mfuti kuyambira 1813, zimanena ngati inayesedwa ndi onga wamakono kapena wakuda wakale uja. Ndipo wina akakuuzani kuti angoboola chemba ikule, mufunseni ngati aitumizenso kukayesedwa, chifukwa kuno ku Britain kugulitsa mfuti yomwe yachoka pa proof, yoti yasintha chiiyesereni, ndi mlandu. Akayamba kukanda m'mutu nyamulani mfuti yanu muzipita.